Mayi a Masuti ndi Shopu ya Magalasi

Mayi a Masuti sankagulitsa kanthu, ankabwereketsa. Munthu akaitanidwa ku mayeso a ntchito, kapena kukhoti, kapena ku ukwati wa mnzake amene anaphunzira naye limodzi koma iye zinamuyendera, ankabwera kwa iwo atavala malaya othetheka kolala, n'kutuluka atapanira jumbo yakuda m'khwapa. Mukanakumana naye mawa lake pamsewu, tayi ali pakhosi, jekete itamukhala bwinobwino, mukanamupatsa njira n'kumutcha bwana. Madzulo ake ubwana uja unkabwerera pa hang'ala. Mayi a Masuti ankaununkhiza m'khwapa, n'kutukwana pang'ono, n'kuuchapa kuti udikire wina.

Shopu yawo inali kuseri kwa mdadada wakale wa mashopu, m'kanjira kothina kamene ngakhale njinga inkalowa mopempha. Kuti ufikeko unkadutsa pa mulu wa matayala akutha, n'kulumpha ngalande ya madzi ochokera kometera, n'kukhota pakona pamene anthu ankatayirapo madzi ngakhale panali chikwangwani choletsa. Chitseko chinali chachitsulo, chopanda dzina. Amuna ankafika akucheukacheuka ngati akupita kwa mkazi wa mwini, akazi ankafika atagwetsa nkhope ngati akufunafuna ndolo yotayika. Akalowa n'kutseka, aliyense ankapuma mpweya waukulu, kenako n'kuyamba kudandaula kuti jekete yathina m'mapewa.

Bizinesiyo inayamba ndi masuti a amuna awo. Bambowo anali okonda kutchena kuposa kudyetsa banja, ndipo tsiku lina anatsatira mkazi wina, masuti n'kuwasiya poti anali atanenepa, sankawakwananso. Mayiwo analira ndithu. Koma misozi isanaume, bambo woyandikana nawo nyumba anagogoda, akusisita manja, kudzabwereka jekete yoti akaonekere nayo kwa makolo a mkazi amene ankafuna kukwatira. Anabweza jeketeyo ndi kangachepe kothokoza. Mayiwo anayang'ana kangachepeko, anayang'ana masuti ali ndandanda pakhoma, kulira n'kuthera pomwepo. Kenako anawonjezera madiresi, nsapato zosongoka, zipewa, mpaka mawotchi osayenda, poti wotchi ya pa ukwati palibe amene amaifunsa nthawi.

Chinsinsi ankasunga, apo tisawanamizire. Akakumana ndi kasitomala pamsika atavala diresi lawo, ankamudutsa ngati sakumudziwa, mwinanso n'kumuyamikira pamaso pa anzake kuti watchena. Koma kanjira kaja ankadana nako ndi mtima wonse. Ankadana ndi fungo lake, ankadana ndi matope ake, ndipo koposa zonse ankadana ndi funso la amayi anzawo a mashopu a kumsewu, lija lofunsidwa mokoma ngati la chifundo, lakuti kodi mukadali kuseri kuja. Akafunsidwa ankaseka, koma akafika kunyumba mbale zinkaona zakuda. Ndipo mayi wanzeru zake chonchi, zaka zonsezo, sanadzifunsepo n'kamodzi komwe chifukwa chimene anthu ankalolera kulumpha ngalande kuti awapeze. Iwo ankati ndi ubwino wa masuti awo.

Anali ndi mlongo wawo wamng'ono amene anamulera okha makolo atamwalira. Masuti omwewo ndi amene anamuphunzitsa mpaka anakhala wojambula mapulani a nyumba, ndipo kuyambira pamenepo aliyense m'kanjiramo ankangomutcha Pulani. Ankagwira ntchito pa kampani ina yojambula nyumba zikuluzikulu, mu ofesi yozizira ngati m'firiji, momwe anthu ankayankhula monong'ona ngati akuopa kudzutsa nzeru zawo. Mayi a Masuti anapitako kamodzi kukamusiyira makiyi. Anapeza amuna akuluakulu a ndevu zawo atazungulira tebulo, akusuntha tinyumba ta makatoni toyera mbee. Pambali pa tinyumbato panali timitengo ta siponji ndi tianthu ta pulasitiki, tonse toonda, tonse toyenda mosathamanga, palibe kosenza thumba, palibe kotuluka thukuta, palibe kofuna potayira madzi. Wina akanaseka. Iwo anatuluka m'menemo mtima uli dyokodyoko, akulakalaka akanakhala kamodzi ka tianthu timeneto.

Mwayi wawo unabwera. Mwini malo, mkulu wina amene ankabwera pa galimoto yakuda koma osatsika, anaganiza zogwetsa mdadada wonse kuti amange chinyumba chosanja, mashopu pansi, maofesi pakati, nyumba zogona anthu pamwamba, ndipo pakati pa zonsezo bwalo lokhala ndi malo omwera khofi. Ntchitoyo inagwera kampani ya Pulani, ndipo mbali ya mashopu anapatsidwa iyeyo kuti aijambule. Onse a mu mdadada wakale analonjezedwa malo m'nyumba yatsopanoyo. Wometa ndi wokonza matayala atamva lonjezolo anayamba kufunafuna kwina, poti malonjezo a anthu osatsika m'galimoto ankawadziwa. Mayi a Masuti anakagula nsapato zatsopano.

Lamlungu lina masana Pulani anabwera kunyumba ndi chipepala chokulunga. Anachitambasula patebulo, m'makona n'kutsindira ndi makapu, nayamba kufotokoza za mpweya, za kuwala ndi za mmene anthu adzayendere, akuzunguza pensulo m'mwamba. Shopu ya mlongo wake anaiika kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi pamene malole adzatsitsire katundu, khomo lake lotulukira m'kanjira ka antchito. Musaganize kuti anachita zimenezo chifukwa chodziwa bizinesi imene inamulera. Ayi ndithu. Mabwana anali atanena kuti kutsogolo n'kwa banki, a mafoni ndi a mafuta onunkhira, ndipo a timabizinesi ting'onoting'ono akakhale kumbuyo kumene sangawononge chithunzi.

Mayi a Masuti mapulani sankawadziwa, koma kutsogolo ndi kumbuyo ankakudziwa. Anafunsa kumene kunali msewu, Pulani n'kuloza. Anafunsa kumene kunali iwo, Pulani n'kuloza mbali inayo, chala chikuyenda pang'onopang'ono.

"Iwe," anatero mayiwo, "ndinakuphunzitsa kuti udzandijambule kuseri kachiwiri?"

Zimene zinatsatira anazimva ndi oyandikana nawo omwe. Anamukumbutsa za matewera ake, za chikuku chimene anadwala ali wamng'ono, za nsapato zake zoyamba, za zaka zimene iwo analumpha ngalande kuti iye akhale pa desiki. Anati anthu ena abale awo akaphunzira amawakweza, koma iwo wawo waphunzira kuti awabise mwaluso. Pomaliza anaika chala pakona ya kutsogolo, pambali penipeni pa khomo lalikulu, pamene msewu ndi bwalo zinkakumana, n'kudinikiza mpaka pepala linachita dzenje. Pulani anakulunga chipepala chake, tiyi osamumaliza.

Anakamenyera nkhondo kuofesi, ndipo chifukwa a banki anali atasintha maganizo n'kupita kwina, kona ija inapezeka. Apa ndiye Pulani analedzera nayo ntchito. Anachotsa makoma awiri onse, la kumsewu ndi la kubwalo, n'kuika magalasi kuyambira pansi mpaka kudenga. Anaika magetsi oti ngakhale batani lakugwa lizioneka uli tsidya lina la msewu. Ankabwera kudzauza mlongo wake kuti shopu yamakono iyenera kucheza ndi msewu, kuti galasi ndi chilungamo, kuti munthu wodutsa azimva ngati ali kale m'kati. Mayiwo ankagwedeza mutu ngati ali m'tchalitchi. Mawuwo sankawamva onse, koma ankamva kuti amayi a mashopu a kumsewu adzaona.

Pa pulani yatsopanoyo panatsala kachizindikiro kamodzi pakhoma la kumbuyo, kokhota ngati chikhadabo. Mayiwo anafunsa kuti nanga aka n'kachiyani. Pulani anati ndi kakhomo kakuseri, kotulukira m'kanjira ka antchito, kolowetsera katundu.

"Fufuta," anatero. "Ndatopa kulowera kuseri ngati wakuba nkhuku."

Pulani anafufuta mokondwa, chifukwa injiniya anali akumuvutitsa kufuna malo oikapo chikepe chokwezera anthu a m'nyumba zapamwamba, ndipo malo abwino anali kuseri kwa khoma lomwelo. Choncho pamene panali kakhomo panajambulidwa chikhoma cha konkire chochindikala. Tsiku limenelo awiriwo anasiyana akuseka, aliyense akudziona kuti wachenjera.

Nthawi yonse imene nyumba inkamangidwa, Mayi a Masuti ankabwereketsa ali kunyumba, masuti atadzaza m'chipinda chogona. Makasitomala ankalowera pa kageti ka kumbuyo, podutsa pa chingwe choyanikira zovala, ndipo ankabwera ambiri kuposa kale. Iwo m'malo moti aonepo kanthu, ankangodandaula kuti anthu akuwapondera maluwa. Akapeza mpata ankapita kukasuzumira pa mpata wa malata otchinga malo omangawo, n'kumauza aliyense woima pafupi kuti kona iyo ndi yawo, ndipo wajambula ndi mlongo wawo. Alonda anafika powazolowera, ankawapatsa mpando.

Nyumba inatha, ndipo kunena zoona inali yokongola. Inali waliwali, pansi poterera, masitepe otakasuka, timitengo ta m'miphika tofanana ndi ta siponji tija. Mayi a Masuti anapachika masuti awo m'mizere, madiresi mbali inayo, n'kulembetsa chikwangwani choyaka magetsi pamwamba pa khomo, chonena kuti pano timabwereketsa masuti ndi madiresi. Tsiku lotsegula anaima pakati pa shopu atavala nsapato zija, manja atapinda, akudikira. Amayi a mashopu a kumsewu anabwera, anazungulira, anakhudza magalasi, n'kunena kuti zikomo kwambiri mwafikapo. Mayiwo mtima unakhala m'malo koyamba pa zaka zambiri.

Anthu ankadutsa piringupiringu. Matebulo a khofi anali pakhomo penipeni, ndipo kuyambira m'mawa ankakhalapo anthu a m'maofesi a pamwamba, miyendo itasanjikizana, opanda chochita china koma kuyang'ana. A m'nyumba zogona ankatsamira pa makonde awo n'kumayang'ana pansi. Mlonda wa pakhomo lalikulu ankayang'ana chifukwa ndiyo ntchito yake. Oyembekezera basi tsidya lina ankayang'ananso, poti shopu yowala choncho maso amangopitako okha. Aliyense ankaona shopu ya Mayi a Masuti, monga mmene iwo anafunira, koma wolowa panalibe.

Woyamba kuyesa anali kalaliki wina wowonda, kasitomala wawo wa zaka zambiri, amene ankabwereka suti ya buluu nthawi iliyonse akamva kuti kwinakwake kuli ntchito yabwinoko. Mayiwo anamuona akuwoloka msewu, mtima n'kudumpha, n'kuyamba kale kutsitsa suti ija pa hang'ala. Kalaliki anafika pakhomo, anatambasula dzanja, kenako anaponya maso pa matebulo a khofi, pamene panakhala atsikana awiri a kuofesi kwake. Dzanja lija linasintha njira n'kulowa m'thumba. Anatulutsa foni, naiika kukhutu, n'kuyamba kukalipira munthu amene kunalibe, akubwerera chambuyo mpaka anakhota pakona. Mayiwo anaona zonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, chifukwa magalasi a Pulani sankabisa kanthu.

Wolimba mtima mmodzi analowa, mphunzitsi wina wamkazi amene anaitanidwa ku ukwati. Anasankha diresi lofiira mothamanga, natuluka akuyang'ana pansi. Koma pa makonde aja panali mkazi wa msuweni wa mkwati. Pamene mphunzitsiyo ankalowa mu holo, tebulo lonse la akazi linali likudziwa kale kumene diresilo lachokera, ndipo mmodzi anamulangiza mwachikondi kuti asamale ndi msuzi poti zovala za eni zimavuta. Diresi linabwezedwa ndi munthu wina, lopindidwa mwaukali, popanda moni. Enanso ankalowa poganiza kuti ndi shopu yogulitsa, ndipo akamva kuti n'zobwereka ankaseka mokweza, kuti a panja amve kuti iwo si a mtundu umenewo.

Mukuganiza kuti Mayi a Masuti anazindikira? Kaya. Anati ndi nyengo, maukwati achepa. Anati anthu sanazolowere malo atsopano. Anati amayi a kumsewu aja akuwachitira kaduka, akuwanenera zoipa. Atasowa wina womunena, anaima tsidya lina la msewu, napenyetsetsa shopu yawo, n'kupeza vuto. Chikwangwani chinali chaching'ono. Anaitana wolemba chikwangwanicho kuti akulitse zilembo, ndipo liwu lakuti timabwereketsa linakula mpaka linkawerengeka munthu ali pa depoti ya mabasi.

Kuseri kwa depoti yomweyo kunali mkulu wina wosita zovala, anthu ankamutcha Simbi. Munthuyo suti sankaidziwa, ankasita kolala mpaka kuwala ngati mphika, koma anali ndi kachipinda kopanda windo m'kanjira konunkha dizilo. Anatolera masuti akale pamsika, ena odyedwa ndi njenjete m'matumba, n'kuyamba kubwereketsa. Wometa uja, amene tsopano ankameta pafupi ndi depoti, ndi amene anawatsina khutu Mayi a Masuti. Iwo anakana, anati anthu awo sangavale nsanza za Simbi. Koma tsiku lina masana anatseka shopu n'kupita kukadzionera okha.

Anapeza anthu atatsamira khoma m'kanjiramo, akudikirana. Kalaliki analipo. Mphunzitsi uja analipo. Panalinso dalaivala wina amene iwo anamuveka pa ukwati wake ndi pa mlandu wake womwe. Onse atawaona anagwetsa nkhope, wina n'kuyamba kumanga chingwe cha nsapato yopanda chingwe. Palibe anapereka moni, ndipo mayiwo, mwa chizolowezi cha ntchito yawo, anadutsa ngati sakudziwa aliyense, n'kutulukira mbali inayo ya kanjirako. Fungo la m'menemo linawatsatira mpaka kumsewu, ndipo apa ndi pamene zinawalowa m'mutu. Anachita mantha enieni. Masuti aja ndi amene anawadyetsa moyo wawo wonse, analibe ntchito ina imene ankaidziwa, ndipo tsopano anali kungotola fumbi pansi pa magetsi.

Mawa lake anagula nsalu yochindikala n'kusoka makatani. Anawapachika okha atakwera pampando, ndipo shopu itachita mdima pang'ono anamva ngati avula nsapato yothina. Dzuwa lisanapendeke kunabwera woyang'anira nyumbayo, mwamuna wa mafuta ambiri m'tsitsi amene ankayenda ndi mulu wa makiyi m'chiuno. Anati makataniwo atsike. Malamulo a nyumbayo sankalola chilichonse chotchinga magalasi a kutsogolo, kaya katani, kaya pepala, kaya utoto, chifukwa zimawononga maonekedwe. Mayiwo anamuuza kuti mlongo wawo ndi amene anajambula nyumba yonseyi, ndipo akamva zimenezi wina ntchito imuthera. Woyang'anirayo anamwetulira mwaulemu n'kunena kuti lamulolo analemba ndi mlongo wawoyo.

Mayiwo anamuitanitsa Pulani. Anabwera atavala malaya ake akuda opanda kolala, amene anthu a ntchito yake amavala kuti azioneka oganiza kwambiri. Mayi a Masuti anayamba ndi nkhani zina, za thanzi lake, za mvula, kenako anapempha chimene sanaganizepo kuti angadzapemphe. Anati awaboolere kakhomo kumbuyo, kakang'ono chabe, koti munthu alowe chammbali. Pulani anapita pakhoma lija n'kuligogoda ndi nkhonya. Silinalire n'komwe. M'kati mwake munamveka kulira kwa chikepe chikukwera.

"Achemwali, kuseri kwa khomali ndi dzenje la chikepe. Ndikaboola apa, kasitomala wanu akatsegula agwera pansi. Komanso khomali lanyamula nyumba zonse za pamwambazi." Kenako anawonjezera motsitsa mawu kuti paja anamuuza okha kuti afufute.

"Nanga unafufutiranji? Wophunzira si iwe?"

Pulani analonjeza kuti akaganiza, ndipo anaganizadi, poti kuganiza ndiyo inali ntchito yake. Anabwera ndi chithunzi cha miphika ya maluwa yondandalikidwa m'mbali mwa magalasi. Woyang'anira nyumba analola, bola maluwawo asapitirire m'mawondo. Choncho kuyambira tsiku limenelo aliyense wolowa mu shopu ya Mayi a Masuti akanabisika bwinobwino kuyambira m'mawondo kutsika pansi.

Miyezi inapita. Mayiwo ankafika m'mawa, kupukuta magalasi, kukung'untha masuti, n'kukhala pampando pakati pa kuwala konseko, anthu a khofi akuwaonera ngati nsomba ya m'botolo. Anaonda. Ankayesa kuimbira makasitomala akale kuti awapititsire zovala kunyumba kwawo, koma suti sibwerekedwa osayesa, ndipo ambiri ankangoti adzaimbanso. Amayi a mashopu a kumsewu anasintha funso. Tsopano ankafunsa, mokoma momwe muja, kuti kodi bizinesi ikuyenda kutsogolo kuno.

Kenako kunamveka nkhani yoti nyumbayo yapambana mphoto. Bungwe lina la akatswiri a zomangamanga linaikonda, makamaka mbali ya mashopu, imene anati ndi yotseguka ndiponso yolandira aliyense. Mwambo wopereka mphotoyo unakonzedwa kuti uchitikire pabwalo lomwelo masana, ndipo Pulani anauzidwa kuti akalandire yekha pamaso pa mabwana ake, mwini malo ndi ojambula zithunzi. Anauzidwanso kuti avale suti. Pulani suti analibe. Malipiro ake ankathera ku magalasi a m'maso a mafelemu odabwitsa ndi malaya akuda aja.

Mayi a Masuti atamva zimenezi anatsitsimuka ngati duwa lothiriridwa. Mkwiyo wonse anauika pambali. Anati ngakhale dziko lonse lithawe, kasitomala mmodzi yekha abwera, ndipo adzatuluka pakhomo lagalasili atavala suti yawo, anthu onse akuona. Anasankha yabwino kuposa zonse, yotuwa, ya nsalu yolemera, imene sankabwereketsa kwa anthu otuluka thukuta. Anaisita okha, anasankha tayi, anapukuta nsapato, n'kupachika zonse pamodzi pafupi ndi pamene ankakhala. Thupi la mlongo wawo ankalidziwa, panalibe chofuna kuyeza. Sanamuimbire foni, anafuna kuti abwere yekha adzapemphe. Anadikira mpaka tsiku la mwambo linafika, Pulani osaoneka.

Pabwalo anaikapo mipando yokutidwa ndi nsalu zoyera, maikolofoni ikulira. Mwini malo anatsika m'galimoto tsiku limenelo, anthu n'kuona kuti ndi wamfupi. Mayi a Masuti anaima pakhomo la shopu yawo. Ndipo anamuona Pulani akubwera pakati pa anthu, atavala suti yakuda, akumwetulira uku ndi uku. Anaganiza kuti wagula, ndipo ngakhale zinawapweteka, anati basi, mwana wakula. Pulani anawaona, anazengereza, kenako anabwera kudzapereka moni ataima panja pa khomo.

Mayiwo anamugwira dzanja, maso n'kugwera pa mkono wa jekete. Kolala inali yowala mopitirira, ndipo mkonowo unali wopindidwira m'kati n'kugwirizidwa ndi ulusi wotalikirana, umene obwereketsa amasoka mothamanga kuti mawa aumasule chovala chikwane wina. Ulusiwo unali woyera pa nsalu yakuda, ndipo nsonga yake inali lende panja. Munthu wosoka mosasamala choncho m'tauni yonseyo anali mmodzi.

"Wapita kwa Simbi," anatero mayiwo. Sanafunse.

Pulani anayang'ana kumbuyo, kumene mabwana ake anaima ndi makapu m'manja.

"Achemwali, mabwana anga amamwa khofi apa tsiku lililonse. Akanandiona ndikulowa."

Mayi a Masuti anali ndi mawu ambiri, a matewera ndi a chikuku omwe, koma panalibe mpata. Wa maikolofoni anali atayamba kale kuitana wojambula wa nyumbayo. Mayiwo anakokera mkono wa mlongo wawo pafupi, anawerama ngati akumunong'oneza zabwino, n'kudula ulusi uja ndi mano, chotsalacho n'kuchilowetsa m'kati ndi chikhadabo kuti mabwana asaone. Anamuwongola tayi n'kumukankha pang'ono pamsana.

"Pita, akukuitana."

Anthu anawomba m'manja. Mkulu wa bungwe lija anayamba kufotokoza ubwino wa magalasi, akuloza kona ya Mayi a Masuti, ndipo mitu yonse inatembenuka, makamera omwe. Iwo analowa mu shopu n'kutseka chitseko, misozi itafika kale m'maso. Anayang'ana kumanja, galasi. Anayang'ana kumanzere, galasi, ndi nkhope za anthu zikumwetulira. M'shopu yonseyo munalibe kona imodzi yoti munthu alirirepo osaonedwa. Anapita pa mzere wa masuti, anapatula majekete awiri, n'kulowetsa nkhope pakati pake ngati akufufuza chong'ambika, ndipo anakhala choncho, mapewa akugwedezeka, mpaka kuwomba m'manja kunatha.